Kodi foni ingaphunzitse mwana kuwerenga ndi masamu? Zimene zikudziwika ndi malire ake

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndipo ndalama zikayamba kuoneka m'matumba, chimodzi mwa zinthu zimene mabanja ambiri a m'boma la Kasungu amathamangira kugula ndi foni ya tachi. Wogula amakhala bambo kapena mayi, koma pasanathe sabata amene amaigwira nthawi yaitali amakhala mwana wa zaka zinayi, yemwe amadziwa kale pokanikiza kuti zidole ziyambe kuvina. Makolo ena amanyadira poona zimenezi n'kumati mwanayo ndi wanzeru, pamene ena amada nkhawa kuti foni imuwononga maso ndi mutu. Pakati pa magulu awiriwa pafika makampani ndi mabungwe amene akunena kuti ali ndi mapulogalamu a pafoni ndi patabuleti ophunzitsa ana aang'ono kuwerenga, kulemba ndi masamu. Funso loti kodi mapulogalamuwa amaphunzitsadi lili ndi yankho, ndipo mbali yaikulu ya yankholo inapezeka m'Malawi momwe muno. Koma yankho limeneli lili ndi malire amene otsatsa malonda sakonda kuwatchula, ndipo kholo limene silikudziwa malirewo likhoza kutaya ndalama za mabandulo komanso nthawi ya mwana likuganiza kuti likumuthandiza.

Vuto limene mapulogalamuwa akuti abwera kudzathetsa ndi lenileni. Boma litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana olembetsa sukulu chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo kuyambira nthawi imeneyo zipinda zophunziriramo, mabuku ndi aphunzitsi sizinakwanirepo. Aliyense amene anasuzumirapo m'kalasi ya Sitandade 1 pa sukulu ya boma, kaya ndi pa boma penipeni, ku Santhe kapena ku Chamama, akudziwa kuti si zachilendo kupeza ana oposa 100 atakhala pansi mothithikana, mphunzitsi mmodzi ali kutsogolo ndi choko m'manja. Mphunzitsiyo akaloza "ma, me, mi, mo, mu" pa bolodi, kalasi yonse imayankha mokweza, koma m'phokosolo mumakhala ana amene akungotsatira milomo ya anzawo osadziwa n'komwe chilembo chimene akutchula. Kafukufuku wa MICS, woona za moyo wa ana ndi amayi, amene ofesi ya National Statistical Office inachita mu 2019 ndi 2020 anapeza kuti mwa ana a zaka 7 mpaka 14, pafupifupi mmodzi yekha mwa asanu ndi amene amatha kuwerenga kankhani kakafupi n'kuyankha mafunso ake, ndipo pa masamu chiwerengero chinali chotsikirapo. Kuloza chala aphunzitsi pa zimenezi n'kusawachitira chilungamo, chifukwa palibe munthu amene angamvetsere ana 100 akuwerenga mmodzimmodzi m'phunziro la theka la ola.

Apa ndi pamene pulogalamu yopangidwa bwino imaonetsa mphamvu zake. Taganizirani mwana wa zaka 6 atavala mahedifoni, tabuleti ili pamiyendo. Pa sikirini pakuoneka dengu, pambali pake pali mazira angapo, ndipo liwu la mphunzitsi likunena m'Chichewa kuti, "Ika mazira anayi m'dengu." Mwanayo akukoka mazirawo ndi chala limodzilimodzi. Akaika atatu n'kusiya, pulogalamu siimukalipira ndipo palibe mnzake womuseka. Liwu lija limangowerenga naye kuti "limodzi, awiri, atatu," kenako limamupatsa mpata woyesanso. Akakhoza amapatsidwa funso lotsatira, lovutirapo pang'ono, ndipo akalephera kawiri kapena katatu amabwezedwa pa lophwekerapo. M'mphindi 20 mwana ameneyu amayankha yekha mafunso ambirimbiri, ndipo lililonse amauzidwa nthawi yomweyo ngati wakhoza kapena ayi. M'kalasi yodzaza ija mwana wamanyazi wokhala kumbuyo akhoza kutha teremu yonse osalozedwa ngakhale kamodzi, ndipo kope lake likachongedwa limabwerera patapita masiku, iye ataiwala kale chimene ankaganiza polemba yankho lolakwikalo. Ubwino wa makinawa uli pa mfundo imeneyi basi: mwana aliyense amagwira ntchito yekha, pa liwiro lake, ndipo cholakwa chimakonzedwa chisanakhazikike m'mutu. Mitundu yowala, nyimbo ndi zidole ndi zokometsera chabe.

Mu 2013, pa sukulu ya pulayimale ya Biwi mu mzinda wa Lilongwe, bungwe la VSO pamodzi ndi bungwe la ku Britain lotchedwa onebillion anayesa pulogalamu ya masamu yoyankhula Chichewa. Katswiri wa ku University of Nottingham, Nicola Pitchford, anagawa ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 m'magulu mwa maere. Gulu lina linkaphunzira masamu pa tabuleti kwa theka la ola tsiku lililonse, lina linkagwira tabuleti yomweyo koma yopanda phunziro la masamu, ndipo lina linkapitiriza kuphunzira m'kalasi monga mwa masiku onse. Gulu lachiwirilo ndi limene limapangitsa kafukufukuyu kukhala wodalirika, chifukwa linathandiza kusiyanitsa phindu la phunziro lenilenilo ndi chisangalalo chongogwira chipangizo chachilendo. Patatha milungu 8, ana a gulu la masamu a pa tabuleti anachita bwino kuposa anzawo, ndipo zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2015. Pambuyo pake pulogalamu yomweyo inamasuliridwa m'Chingerezi n'kukayesedwa m'sukulu za ku England, zomwe sizichitikachitika, popeza nthawi zambiri zinthu zoterezi zimayambira kunja n'kudzatipeza kuno.

Mayeso aakulu kuposa amenewa anachitikira ku Tanzania. Mpikisano wa Global Learning XPRIZE, wa madola 15 miliyoni amene anapereka Elon Musk, unafunsa funso lolimba mtima loti kodi ana a m'midzi yakutali angadziphunzitse okha kuwerenga, kulemba ndi masamu atangopatsidwa tabuleti. Mapulogalamu asanu anayesedwa m'Chiswahili kwa miyezi 15 m'midzi ya m'chigawo cha Tanga, ndipo ambiri mwa anawo anali asanapondepo m'kalasi. Mu 2019 mphoto yaikulu inagawidwa pakati pa Kitkit School ndi onebillion. Ana ambiri amene poyamba sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi anayamba kuwerenga, ngakhale kuti enanso ambiri anatsala asanafikepo. Kuchokera pa maumboni ngati amenewa ndi ena amene anachitika m'sukulu za kuno, boma la Malawi linayambitsa mu 2023 ndondomeko ya BEFIT mogwirizana ndi mabungwe a Imagine Worldwide, VSO ndi onebillion. Cholinga chake ndi chakuti matabuleti otchajidwa ndi sola afike m'sukulu zonse za pulayimale za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000, kuti azigwiritsidwa ntchito ndi ana a Sitandade 1 mpaka 4. Sukulu za ku Kasungu, kuyambira ku Bua mpaka ku Nkhamenya, zili m'gulu limeneli.

Tsono m'pofunika kuonetsetsa chimene chinayesedwa pa Biwi. Panali pulogalamu imodzi yokonzedwa motsatira silabasi, yoyankhula chiyankhulo cha anawo, yoikidwa pa chipangizo chopanda mavidiyo ena, magemu kapena intaneti. Anawo ankaigwiritsa ntchito kwa nthawi yochepa yoikika, tsiku ndi tsiku, munthu wamkulu akuyang'anira. Kupatsa mwana foni ya mayi ake madzulo kuti asiye kulira pamene nsima ili pamoto ndi chinthu china, ndipo palibe chifukwa choyembekezera kuti chibereke zipatso zofanana. Mlimi wa fodya kapena chimanga amamvetsa bwino zimenezi: feteleza amene amachulukitsa zokolola m'munda wopalira bwino, wothiridwa pa nthawi yake ndi muyezo wake, amangonenepetsa udzu akamwazidwa m'munda wosalima. Mbiri ya dziko la Peru ndi chenjezo lokwanira. Boma la kumeneko linagawira ana asukulu malaputopu oposa 800,000 a ndondomeko ya One Laptop per Child, koma kafukufuku amene banki ya Inter-American Development Bank inatulutsa mu 2012 sanapeze kusintha pa masamu ndi pa kuwerenga, chifukwa makinawo anafika opanda maphunziro okonzedwa bwino oti ana azitsatira. Lipoti la UNESCO la 2023 lokhudza luso lamakono m'maphunziro linadandaulanso kuti umboni wodalirika ndi wochepa, ndipo wambiri umene ulipo umachokera kwa iwo amene akugulitsa zinthuzo.

Nkhani ya chiyankhulo ndi imene makolo ambiri amaiona mopepuka, pamene ndi yaikulu kuposa zonse. Munthu akatsegula Play Store n'kufufuza mapulogalamu ophunzitsa ana, pafupifupi onse amene amabwera amakhala a Chingerezi, ndipo kholo limasangalala chifukwa likufuna kuti mwana adziwe Chingerezi msanga. Chikhumbo chimenechi n'chomveka, popeza m'makalasi apamwamba maphunziro amachitika m'Chingerezi ndipo satifiketi ya MSCE siibwera kwa amene walephera phunziro limeneli. Vuto lili pa mmene kuwerenga kumayambira. Chichewa chimalembedwa monga mmene chimatchulidwira: malembo a liwu alipo asanu, a, e, i, o, u, ndipo lililonse limamveka chimodzimodzi paliponse pamene lili. Mwana akadziwa maliwu a malembo n'kuphunzira kuwalumikiza kukhala maphatikizo, amatha kuwerenga mawu amene sanawaonepo. Akadziwa "a" ndi "na" amawerenga "ana". Akawonjezera "ma" amawerenga "amama" ndi "mana" popanda womuuza. Iyi ndi njira imene ndondomeko ya National Reading Programme, yomwe inayamba m'sukulu za boma mu 2016, imatsatira.

Pulogalamu ya Chingerezi yoimba nyimbo ya alifabeti imaphunzitsa mwana yemweyo mayina a malembo, osati maliwu amene adzawapeze m'buku la Chichewa. Imamuuza kuti "a" ndi "eyi", "e" ndi "ii", ndipo "i" ndi "ayi". Mwana wotere akakumana ndi mawu oti "ana" amatchula "eyi, eni, eyi" n'kuima, chifukwa zimene watchulazo sizilumikizana kukhala mawu amene amawadziwa. Choipitsitsa n'chakuti liwu limene waphunzira kuti ndi la "e" ndi limene m'Chichewa ndi la "i", choncho mphunzitsi wa Sitandade 1 amayamba wachotsa kaye zimene foni inaika asanayambe kuphunzitsa zake. Palinso katundu wina amene mwana amasenzetsedwa mosadziwa. Pamene pulogalamu ikumuonetsa chilembo, chithunzi cha chipatso chimene sanadyepo ndi dzina lake la Chingerezi, mwanayo akuphunzira zinthu zitatu zachilendo nthawi imodzi, ndipo chimene amachita ndi kuloweza. Akhoza kuimba alifabeti yonse alendo n'kumuombera m'manja, koma mutamulozera chilembo chimodzi pakati pa mawu, amangokuyang'anani. Ndipo palibe pulogalamu ya Chingerezi imene ingamuphunzitse maphatikizo amene amavutadi ana athu, monga "nkha", "mpha", "ntha", "tcha" ndi "ng'a", kapena kusiyana kwa "ng'oma" ndi "ngoma".

Zimenezi sizikutanthauza kuti mapulogalamu a Chingerezi ndi opanda ntchito. Khan Academy Kids, mwachitsanzo, ndi yaulere, ilibe zotsatsa malonda, ndipo ili ndi nthano ndi nyimbo zimene zingazoloweretse makutu a mwana ku Chingerezi choyankhula. Duolingo ABC nayonso inakonzedwa mosamala, koma inakonzedwera ana amene amayankhula kale Chingerezi kunyumba ndipo akungofuna kudziwa kuchiwerenga. Maganizo anga ndi akuti mwana wa ku Kasungu amve Chingerezi ndi makutu momwe angathere, koma luso lolumikiza malembo aliphunzire m'chiyankhulo chimene amaganiziramo, chifukwa luso limenelo likakhazikika limasamukira ku chiyankhulo china mosavuta. Kwa amene akufuna zowerenga, African Storybook ili ndi nthano zaulere za zithunzi m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, kuphatikizapo Chinyanja, zomwe kholo lingawerenge pamodzi ndi mwana. Tisaiwalenso kuti si mwana aliyense wa m'boma lino amene Chichewa ndi chiyankhulo chake choyamba. Kumpoto, cha ku Nkhamenya ndi Kaluluma, ana ambiri amakulira m'Chitumbuka, ndipo m'maesiteti muli ana a matenanti ochokera ku zigawo zina amene kunyumba amamva Chiyao kapena Chilomwe. Kwa ana oterewa ngakhale pulogalamu ya Chichewa imafuna munthu wamkulu womasulira malangizo ake m'masiku oyambirira.

Msinkhu wa mwana nawonso uli ndi malire ake omveka. Mu 2019 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti mwana wosakwana zaka 2 asamaikidwe pa sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku, ndipo kuchepera apo n'kwabwino koposa. Chifukwa chake chimaoneka bwino m'kafukufuku amene Patricia Kuhl ndi anzake a ku University of Washington anatulutsa mu 2003. Makanda a miyezi 9 a ku America anagawidwa m'magulu: ena ankasewera ndi munthu woyankhula Chimandarini cha ku China maso ndi maso, pamene ena ankaonera anthu omwewo akuyankhula pa vidiyo. Amene anacheza ndi munthu weniweni anaphunzira kusiyanitsa maliwu a chiyankhulocho, koma oonera vidiyo sanaphunzire kanthu, ngakhale kuti ankayang'anitsitsa sikirini. Khanda limaphunzira kuyankhula kudzera mwa munthu amene amaliyang'ana, kuliyankha likang'ung'udza, ndi kutchula dzina la chinthu chimene lalozera. Choncho mwana amene ali kumbuyo kwa amake, akumva akuyankhulidwa pamene iwo akusenda nthochi kapena akusankha nyemba, akuphunzira zambiri kuposa mnzake amene wakhazikidwa pamphasa ndi foni yoimba. Ana a zaka 3 mpaka 5, a msinkhu wa sukulu za mmera mpoyamba, angapindule ndi mphindi zochepa za pulogalamu yabwino, koma chimene alezi amawapatsa poimba nawo, powafotokozera nthano ndi powasiya aumbe zidole zadothi sichingalowedwe m'malo ndi makina.

Nanga kholo lingasiyanitse bwanji pulogalamu yophunzitsadi ndi yongotchedwa choncho? Palibe amene amayesa pulogalamu kuti aone ngati ikuphunzitsa isanalembedwe kuti ndi yamaphunziro. Wopanga amangodzisankhira yekha dzinalo. Mu 2015 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Kathy Hirsh-Pasek linafotokoza kuti ana amaphunzira pamene maganizo awo akugwira ntchito, pamene sakusokonezedwa, pamene chimene akuphunzira chikugwirizana ndi moyo umene amaudziwa, ndiponso pamene pali munthu wocheza naye za chimene akuchitacho. Mfundo yoyambayo ndi imene imapusitsa ambiri, chifukwa chala chikamayenda pa sikirini timaganiza kuti mutu ukugwiranso ntchito. Khalani pafupi ndi mwana kwa mphindi zisanu ndipo muonetsetse chimene chimachitika akalakwitsa. Ngati angathe kumangokanikiza mayankho onse motsatana mpaka limodzi litavomera, kenako nyenyezi n'kuphulika ndi nyimbo kulira, ndiye kuti waphunzira kukanikiza basi. Pulogalamu yabwino imamuonetsa chifukwa chimene yankho lake lalakwikira ndipo imamubweretseranso funso lofanana nalo m'maonekedwe ena. Onaninso mmene nthawi ikugawidwira. Ngati mwana ayankha funso limodzi la masamu kenako n'kutha mphindi zitatu akuveka chidole zovala monga mphoto, ndiye kuti masamuwo ndi chitseko chabe cholowera ku masewera.

Zotsatsa malonda ndi chizindikiro china chosavuta kuchiona. Akatswiri a ku University of Michigan ataunika mapulogalamu 135 otchuka a ana osapitirira zaka 5 anapeza kuti 95 mwa 100 alionse anali ndi mtundu wina wa malonda mkati mwake, kuphatikizapo ambiri olembedwa kuti ndi amaphunziro. Ena amadula phunziro pakati n'kuonetsa vidiyo ya gemu ina, ena amabisa malonda m'chithunzi chooneka ngati mbali ya masewero, ndipo ena amachititsa chidole chimene mwana amachikonda kuoneka chokhumudwa akakana kugula gawo lokhomedwa. Mwana wa zaka zinayi satha kusiyanitsa phunziro ndi malonda. Kwa ife kuno vutoli limafikanso m'thumba, popeza vidiyo iliyonse yotsatsa imadya bandulo imene munagula ya Airtel kapena TNM, ndipo kakanikizidwe kamodzi kolakwika kakhoza kuyambitsa kutsitsa gemu yaikulu yodzaza foni. Pulogalamu yaulere imene imakana kutseguka popanda intaneti nthawi zambiri imakana chifukwa ikufuna kukoka malonda, osati chifukwa phunziro likufuna netiweki.

Pa nkhani ya zinsinsi tinenepo mwachidule. Pulogalamu yophunzitsa malembo ilibe chifukwa chopemphera chilolezo choona manambala a anthu a m'foni yanu, mauthenga anu kapena malo amene muli, ndipo ikapempha zimenezi ikanizeni kapena ichotseni. Makampani akuluakulu nawonso anagwidwapo: mu 2019 Google inalipira madola 170 miliyoni ku America pa mlandu woti YouTube inkatolera zambiri zokhudza ana popanda chilolezo cha makolo awo. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi zoterezi mu 2024, koma mlonda woyamba amakhala amene wagwira foniyo poika pulogalamu.

Zovuta zenizeni za m'mabanja ambiri ndi za tsiku ndi tsiku. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndi amene ankaunikira ndi magetsi, ndipo m'midzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Pamene foni imatchajidwa pa kasola kakang'ono kapena kukatchajitsa molipira pa malo ochitira malonda, theka la ola la mwana limapikisana ndi kuimbira wogula soya kapena kulandira ndalama. Foni yomweyo ndi imene ili ndi Mpamba kapena Airtel Money, magulu a WhatsApp a kumpingo ndi a kumudzi, komanso mavidiyo amene anthu amatumizirana omwe si onse oyenera maso a mwana. N'chifukwa chake m'pofunika kusankha pulogalamu imene ikatsitsidwa kamodzi imagwira ntchito popanda intaneti, kuitsitsa pamene pali bandulo yotsika mtengo kapena kuilandira kuchokera pafoni ya mnzanu amene mumamukhulupirira, ndi kuzimitsa data kapena kuika foni pa flight mode musanaipereke kwa mwana. Mafoni ambiri a Android, ngakhale a Itel ndi Tecno amene adzaza m'misika, ali ndi njira yokhomera pulogalamu imodzi pa sikirini kuti mwana asathe kutulukamo popanda nambala yachinsinsi. Imapezeka m'zosintha za chitetezo pansi pa dzina loti App pinning kapena Screen pinning. Anyamata obena nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi amathanso kukuikirani zimene amati ndi za ana, koma zambiri zimakhala makatuni ongoonera, ndipo ndi bwino kuziona kaye nokha musanazisiye m'manja mwa mwana. M'banja la ana angapo muonetsetsenso amene akugwira foniyo, chifukwa kawirikawiri wamkulu kapena wamphamvu ndi amene amakanikiza, wamng'ono amangoonerera paphewa, ndipo mtsikana amaitanidwa kukatunga madzi nthawi yake isanakwane.

Njira yodalirika yodziwira ngati mwana akuphunzira ndi kumuyesa foni itazimitsidwa. Ngati pulogalamu ikunena kuti wamaliza gawo la manambala mpaka 10, mupatseni zitsekerero za mabotolo kapena njere za chimanga, mumuuze kuti akupatseni zisanu ndi ziwiri, kenako muchotsepo ziwiri n'kumufunsa zatsala zingati. Ngati wamaliza gawo la maphatikizo, lembani ndi makala kapena ndi chala pansi mawu amene sanawaone pa sikirini, monga "mutu", "dona" kapena dzina la mlongo wake, muone ngati angawatulutse. Ana aang'ono amavutika kusamutsa chimene aphunzira pa galasi kuchipititsa ku zinthu zogwirika, ndipo amene amawathandiza kuwoloka pamenepa ndi munthu wamkulu wofunsa mafunso. Kholo silifunika kukhala lophunzira kwambiri kuti lichite zimenezi. Agogo amene sanapite kusukulu akhoza kufunsa kuti, "Tandiuze mdzukulu wanga, kalulu uja wathawiranji?" ndipo mwana pofotokoza nthano imene waona amagwiritsa ntchito mawu, kukumbukira ndi kuika zinthu m'ndondomeko, zomwe ndi maziko a kumvetsa zowerenga. Kulemba nako kumafuna pensulo ndi pepala. Kutsatira chilembo ndi chala pa galasi loterera kumathandiza kudziwa maonekedwe ake, koma sikulimbitsa zala kuti zigwire pensulo n'kulemba mzere wowongoka m'kope.

Kusukulu, kumene matabuleti a boma afika kapena akuyembekezeka kufika, udindo waukulu uli m'manja mwa aphunzitsi, komiti ya sukulu ndi bungwe la makolo ndi aphunzitsi. Tabuleti siichotsa mphunzitsi ntchito. Imamupatsa ina yatsopano, yoona mwana amene wakhala pa gawo limodzi kwa masiku ambiri n'kumuthandiza payekha, komanso yolumikiza zimene ana achita pa makina ndi phunziro la pa bolodi. Aphunzitsi amene akukonzekeretsedwa ku Kasungu Teachers Training College adzapeza makinawa m'makalasi awo, choncho luso limeneli liyenera kuyambira komweko. Makolo akamapita ku misonkhano ya sukulu ali ndi ufulu wofunsa mafunso achindunji. Kodi mwana aliyense akugwira tabuleti kangati pa sabata, poti phindu lonse limene linapezeka m'kafukufuku linadalira kubwereza tsiku ndi tsiku? Kodi nthawi yake ikuchotsedwa pa phunziro liti? Mahedifoni akaduka kapena batire la sola likafooka m'nyengo ya mitambo, amakonza ndani ndipo pamatenga nthawi yaitali bwanji? Nanga chipinda chosungiramo makinawo n'chotetezeka motani usiku ndi pa holide? Pali chizolowezi chimene chimagwera zipangizo zodula m'malo ambiri, choti woyang'anira amazitsekera m'kabati poopa kuimbidwa mlandu zikawonongeka, n'kumazitulutsa pokhapokha kukabwera alendo. Komiti imene imayendera sukulu mosalengeza, pakati pa sabata, ndi imene ingadziwe ngati matabuletiwo ali m'manja mwa ana a Sitandade 1 kapena ali m'kabati.